Tisanataye Laputopu Yakale: Phunziro la Kusintha Zida Zam'kati

Teremu yathayi, mnzathu wina wa chaka chomaliza anatsala pang'ono kukatenga katapila kuti agule laputopu ina. Yomwe anali nayo, ya kaunjika yomwe bambo ake anamugulira atangoyamba koleji, inkati ikayamba kuyaka, munthu n'kukasamba, kuvala, kubwerera isanamalize. Akatsegula Word limodzi ndi masamba atatu a pa intaneti, inkangoima njii. Tsiku lopereka kafukufuku linali pafupi. Tisanamulole kupita kwa wakatapila, tinakhala naye pansi kuhositelo n'kufufuza chomwe chinkavuta. Purosesa inali bwinobwino. Cholemetsa chinali hadi disiki yakale ndi RAM ya 4 GB yokha. Zida ziwirizo zitasinthidwa, makina omwewo anamufikitsa pa tsiku lopereka ntchito, ndipo ndalama zomwe anawononga zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa laputopu ina.

Koma si nkhani zonse zimatha chonchi. Mlongo wina anasiya laputopu kwa wokonza asanasunge mafayilo ake kwina. Pobwerera anapeza makina akuthamanga, Windows yatsopano ikuwala, koma machaputala atatu a kafukufuku wake atapita. Phunziro lathu lili pakati pa nkhani ziwirizi. Laputopu yakale nthawi zambiri imadzukanso ndi zida ziwiri kapena zitatu, malinga ntchitoyo tiitsate mwadongosolo: kudziwa vuto, kudziwa zomwe makina athu amalola, kusunga mafayilo, kenako kutsegula.

Tidziwe kaye pomwe pakudwala

Tiganizire mayi amene akupeta chimanga. Nkhokwe ndi hadi disiki: m'menemo mumakhala zonse, ngakhale makina atazima. Lichero ndi RAM: limanyamula zokhazo zomwe zikugwiridwa panthawiyo, ndipo makina akazima limatsala lopanda kanthu. Mayi wopetayo ndi purosesa. Akhale wachangu chotani, ngati lichero ndi laling'ono ndipo nkhokwe ili kutali, ntchito ichedwa basi. Ambirife timathamangira kunena kuti makina akalamba, pomwe vuto lili pa lichero kapena pa nkhokwe.

Windows imatiuza yokha pomwe pavuta. Tidine mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, kuti Task Manager itseguke, kenako tipite pa Performance. Tiyang'ane manambala uku tikugwira ntchito yathu ya masiku onse. Ngati Memory imakhala pafupi kudzaza nthawi zonse, RAM yachepa. Ngati Disk imakakamira pa 100% ndipo yalembedwa kuti HDD, vuto ndi hadi disiki. Ngati CPU ndi yomwe imadzaza pomwe sitikuchita zolemetsa, tikayikire mapulogalamu obisala kapena kutentha. Pamenepo kugula RAM n'kutaya ndalama.

Khutu nalonso limathandiza. Hadi disiki ikayamba kulira kuti tiki-tiki, ili pafupi kufa, ndipo mafayilo tiwasamutse lero lomwe. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga thanzi la disiki n'kulemba Good, Caution kapena Bad.

Si laputopu iliyonse imalola

Tisanagule kanthu, titembenuze laputopu n'kulemba dzina lonse la mtundu wake, zilembo ndi manambala omwe. Makampani ambiri amaika mabuku okonzera makina awo pa intaneti kwaulere: Lenovo imalitcha Hardware Maintenance Manual, Dell imati Service Manual, HP imati Maintenance and Service Guide. Tsamba la iFixit nalo lili ndi zithunzi za kamasulidwe ka mitundu yambiri. M'menemo tipezemo zinthu zitatu: muli malo angati oikamo RAM, makinawo amalandira RAM yochuluka bwanji, ndipo amalandira disiki ya mtundu wanji.

Mafunsowa ndi ofunika chifukwa malaputopu ambiri opyapyala amabwera RAM itawotchereredwa pa bodi yaikulu, motero singachotsedwe. Ma MacBook a purosesa ya M1, omwe anayamba kutuluka mu 2020, salola kuwonjezera RAM ngakhale kusintha disiki. Timalaputopu tina totchipa tili ndi malo osungira a eMMC a 32 GB kapena 64 GB, nawonso owotcherera. Mwayi wathu ndi wakuti makina ambiri akale a m'maofesi omwe timagula a kaunjika, monga ThinkPad, Latitude ndi ProBook, anapangidwa moti azitsegulidwa.

Kusankha RAM

RAM ya laputopu ndi kathabwa kafupi kotchedwa SO-DIMM, kosiyana ndi kaja katali ka kompyuta ya patebulo. Ili ndi mibadwo, ndipo mibadwoyi sisakanizidwa. DDR3 ili ndi mapini 204, DDR4 ili ndi 260, DDR5 ili ndi 262, ndipo kampata ka m'munsi kali pamalo osiyana pa mbadwo uliwonse. Ikakana kulowa, tisaikakamize, si yake.

Msampha uli pa DDR3 ndi DDR3L. Zimafanana maonekedwe ndipo zimalowa malo amodzi, koma yoyamba imafuna mavoti 1.5 pomwe yachiwiri imafuna 1.35. Malaputopu a purosesa ya Intel ya mbadwo wachinayi amafuna DDR3L. Pulogalamu ya CPU-Z, pa gawo la SPD, imaonetsa mtundu weniweni wa RAM yomwe ili m'kati, ndipo njira yosavuta n'kugula yofanana nayo.

Nanga tigule yochuluka bwanji? Kwa wolemba pa Word, wowerenga pa intaneti ndi wophunzira pa Zoom, 8 GB imakwana. Kwa wogwiritsa ntchito AutoCAD kapena wokonza mavidiyo, 16 GB ndiye yabwino. Timatabwa tiwiri tofanana, monga 4 GB ndi 4 GB, timathamanga bwino kuposa kamodzi ka 8 GB chifukwa purosesa imatunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Tikasakaniza yothamanga ndi yochedwerapo, zonse zimayenda pa liwiro la yochedwayo. Tikumbukirenso kuti Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4 GB, choncho pafunika ya 64-bit.

Kusankha SSD

Ngati ndalama zikukwana chida chimodzi chokha ndipo makina athu adakali ndi hadi disiki, tiyambe ndi SSD. M'hadi disiki muli mbale yomwe m'malaputopu ambiri imazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kasingano koyenda pamwamba pake kufunafuna mafayilo. Imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 550 MB pa sekondi, ndipo ya NVMe pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500 MB. Komabe kusintha komwe munthu amakumva kwambiri n'kuchoka pa hadi disiki kupita pa SSD ina iliyonse. Phindu lina ndi lakuti SSD imapirira mabampu a m'minibasi ndi a pa kabaza, omwe amavulaza hadi disiki.

SSD zilipo za maonekedwe awiri. Ya mainchesi 2.5 imalowa pamalo pomwe panali hadi disiki. Ya M.2 ndi kathabwa kopyapyala. Yofala ndi 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Apanso pali msampha: M.2 ina ndi ya SATA, ina ndi ya NVMe, ndipo makina ena amalandira mtundu umodzi wokha. Buku la makina athu ndi lomwe lingatiuze.

Pogula tisamale. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zilipo ma SSD ndi mafulashi achinyengo olembedwa kukula komwe alibe, ndipo amayamba kudya mafayilo akangodzaza malo awo enieni. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuiwerenganso kuti ione ngati kukulako n'koona. Tiiyese tisanaikemo ntchito yathu, ndipo tipemphe lisiti lolembedwa tsiku ndi masiku omwe tingabweze katunduyo.

Tisanamasule sikuluwu yoyamba

Apa ndi pomwe mlongo uja anagwera. Mafayilo ofunika tiwakopere malo awiri: pa fulashi kapena disiki yakunja, komanso pa intaneti, monga Google Drive yomwe imapereka 15 GB yaulere. Tikatero tiwatsegule pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti akuwerengeka. Ngati disiki yathu ndi yokhomedwa ndi BitLocker, tilembe papepala kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft. Popanda iyo, disiki yakale singatsegulidwe pa makina ena. Tikonzeretu fulashi ya 8 GB kapena kuposa yoikira Windows. Ngati laputopu idakali ndi waranti, tiwerenge kaye malamulo ake.

Zida zofunika ndi zochepa: sikuludiraiva yaing'ono yamphanda zinayi ya PH0 kapena PH00, khadi lakale lapulasitiki lotsegulira chivundikiro, thireyi ya mazira yoikamo masikuluwu, ndi foni yojambulira.

Ntchito yeniyeni

1. Tizimitse makina kotheratu, tichotse chaja, ndipo ngati batire ndi lakunja tilichotse. Tidine batani loyatsira kwa masekondi 15 kuti magetsi otsalira athe.

2. Tigwire ntchito patebulo, osati pabedi kapena pa bulangeti. Magetsi aja amathetheka tikamavula juzi amatha kupha chida osaoneka ndi maso, choncho tizigwira kaye chitsulo tisanakhudze zam'kati, ndipo zida tizigwire m'mbali, osakhudza mapini agolide.

3. Timasule masikuluwu, iliyonse m'kabowo kake m'thireyi, chifukwa satalika mofanana. Yaitali ikalowa pa yaifupi imatha kuboola bodi kapena kutulukira pafupi ndi kiyibodi. Ena amabisala pansi pa timiyendo ta labala.

4. Titsegule chivundikiro ndi khadi, osati mpeni. Tijambule chithunzi tisanakhudze kanthu, kenako tichotse kawaya ka batire lam'kati pogwira pamutu pake, osakoka mawaya.

5. Kuti RAM yakale ituluke, titambasule timatepi tiwiri ta m'mbali ndipo idzadzuka yokha. Yatsopano ilowe mopendeka, kampata katayang'anizana ndi kake, kenako tiitsindikire pansi mpaka ilire kuti kha.

6. SSD ya mainchesi 2.5 tiimange m'kachitsulo komwe munali hadi disiki. Ya M.2 imalowanso mopendeka n'kumangidwa ndi sikuluwu imodzi.

7. Tibwezere kawaya ka batire n'kuyatsa tisanamange masikuluwu onse. Tione mu BIOS ngati RAM ndi disiki zikuoneka. Sikirini ikakhala yakuda, kawirikawiri RAM sinakhale bwino. Tizimitse, tichotse batire, tiikhazikenso.

Windows ikaikidwa, tiyese RAM ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86. Paliponse pomwe chida chikukana, tiime n'kuyang'ananso buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Batire, fani ndi fumbi

Kwa ife amene magetsi amatizimira pakati pa ntchito, batire si nkhani yaing'ono. Tikalemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt, Windows imatulutsa lipoti loonetsa mphamvu yomwe batire linabwera nayo ndi yomwe likusunga tsopano. Ikatsika kufika theka, nthawi yosintha yakwana, ndipo latsopano lifanane nambala ndi mavoti ndi lakale. Batire lotupa, lomwe limakweza touchpad kapena kutsegula chivundikiro, ndi loopsa chifukwa limatha kuyaka. Tisalichaje, tisaliboole, tisalitaye pamoto kapena kudzala. Tilipereke kwa odziwa.

Poti tatsegula kale, tiyang'anenso fani. Fumbi la m'chilimwe limaundana potulukira mpweya, purosesa n'kumatentha, ndipo ikatentha imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Tilichotse ndi kaburashi kofewa, fani titaigwira ndi chala kuti isazungulire. Ngati tsiku ndi nthawi zimasokonekera makina akazima, kabatire kakang'ono ka CMOS, ka mavoti 3, ndi komwe katha.

Pomwe tiyenera kuima

Purosesa ya malaputopu ambiri a masiku ano ndi yowotcherera, sitingaisinthe. Bodi yolowa madzi kapena yopserera ndi ntchito ya amisiri. Tiwerengerenso zaka zomwe makina atsala nazo. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso, kumbali ya Intel, kawirikawiri purosesa ya mbadwo wachisanu ndi chitatu kapena kuposa. Makina akale kuposa apo akhoza kutumikirabe bwino ndi Linux Mint kapena Ubuntu. Koma ngati mtengo wa SSD, RAM ndi batire pamodzi wayandikira wa laputopu yabwinopo, ndi bwino kusunga ndalamazo.

Hadi disiki yakale tisaitaye. Ikaikidwa m'kabokosi ka USB imasanduka nkhokwe yachiwiri. Tikafuna kuigulitsa tiifufute kotheratu, makamaka ngati inali ya ku ofesi ya sukulu kapena ya mlembi wa mpingo, poti muli mayina ndi zinsinsi za anthu ena omwe anatikhulupirira.

Mafunso okambirana

1. Task Manager ya laputopu yathu ikuonetsa chiyani pa Memory, Disk ndi CPU? Ndi chida chiti chomwe chikuyenera kuyamba kusinthidwa?

2. Laputopu yathu itafa usiku uno, ndi mafayilo ati omwe sitingawapezenso?

3. Mnzathu wagula RAM ya DDR3 koma makina ake amafuna DDR3L. Akanafufuza chiyani asanapereke ndalama?

Ntchito ya mlungu uno: aliyense alembe mtundu wa laputopu yake, apeze buku lake, ndipo akopere kafukufuku wake malo awiri. Amene anatsegulapo kale makina akhale pafupi ndi amene akuyamba kumene, wina agwire foni yojambulira, wina aziwerenga masikuluwu.