Cikhodzodzo Cikacotsedwa, Mkodzo Upita Kuti?

Awerengi athu a m'Chawama ndi makomboni ena, lero tiphunzire za khansa ya cikhodzodzo.

Kwathu kuno khansa imeneyi kawirikawiri imayamba ndi likodzo losacizidwa. Mwana akasamba m'madzi muli nkhono, tizilombo timalowa pakhungu, ndipo tikakula timaikira mazira m'cikhodzodzo. Mazirawo amacipweteka kwa zaka zambiri, mwakuti ena amadzadwala khansa atakula. Fodya nayenso amabweretsa matendawa.

Khansa ikalowa m'mnofu wa cikhodzodzo, madotolo amacicotsa conse. Koma impso sizileka nchito, cotero mkodzo ufunika njira ina. Apa ndi pamene matumbo aang'ono amathandiza. Ndi aatali mamita pafupifupi 6, ndipo kudulako pang'ono sikuletsa munthu kudya nsima.

Njira yoyamba inafala mu 1950 kucokera kwa dotolo wa ku America, Eugene Bricker. Amadula thumbo lotalika masentimita pafupifupi 15, nalumikizako timipaipi tiwiri tocokera ku impso, naliturutsira pamimba. Mkodzo umagwera m'kathumba komatidwa pakhungu, kobisika m'malaya.

Njira yaciwiri inafala m'zaka za m'ma 1980. Amadula masentimita 40 mpaka 60, nasoka cikhodzodzo catsopano, nacilumikiza ku njira ya mkodzo yacibadwa. Munthu amakodza monga kale, koma samva kuti mkodzo wadzaza. Ayenera kukodza pa maola 3 kapena 4 alionse, ngakhale usiku. Mkodzo umakhala ndi zonanda ngati mamina, pakuti thumbo silisintha cibadwa cake, cotero amwe madzi ambiri. Njirayi itheka kokha ngati impso zili bwino ndiponso khansa siinafike m'njira ya mkodzo.

Wocedwa kupita ku cipatala amapeza khansa itafalikira, opaleshoni yosathandizanso. Mukaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda kuwawa, pitani ku cipatala ca Chawama Level One. Kukafunika, adzakutumizani ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007.

Inu makolo, mnyamata akakodza magazi musati wakula. Ndi matenda amenewo, kawirikawiri likodzo, ndipo mapiritsi a praziquantel amaciza. Mupimitseni msanga, makamaka akabwera ku chuti kumudzi.