Mafunso ndi Mayankho: Madzi Osefukira ndi Msamuko m'Chigwa cha Shire

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo. Akuti: "Makolo athu anagona pano. Nanga bwanji boma likutiuza kuti tisamukire kumtunda?"

Zikomo bambo, funso lanu ndi lolemera. Ngakhale kuti Shire ndi Ruo akhala akusefukira chiyambire kalekale, ndipo makolo anu ankadziwa kuthawira kumtunda kwa kanthawi, nabwerera kudzabzala m'madimba madzi ataphwa, masiku ano chigumula chikubwera munthu asanamange nkhokwe imene inagwa ndi chigumula chinzake. Kumbukirani chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 amene anaononga damu la Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Utsi wa m'mafakitale, makamaka a maiko olemera, watenthetsa dziko ndi nyanja yamchere, kotero kuti namondwe amafika atasenza madzi ochuluka koposa kale. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mangani nyumba kumtunda, bambo, koma dimba lanu musalandidwe, pakuti ndilo limakudyetsani m'chilimwe.

Yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Bangula: "Kodi osamukawo sadzatimalizira mitengo?"

Mayi, mantha anuwo ali ndi maziko. Pamene abale athu a ku Mozambique anathawira kuno nkhondo imene inatha mu 1992, nakhala m'misasa monga wa Nyamithuthu, iwo sanachimwe posaka nkhuni zophikira ndi milimo ya nyumba; komabe nkhalango zinapyapyala. Zomwezo zimachitika banja lothawa madzi likafika kumtunda chimanjamanja, pakuti amene alibe munda amaotcha makala kuti ana adye. Phiri likavulidwa, mvula imakokolola nthaka kuitsitsira m'mitsinje, mchenga umadzaza m'makwawa, ndipo madzi, posowa njira, amalowa m'midzi ya kumunsi, nasamutsanso anthu ena.

Chifukwa chake musawakanize malo, mayi, chifukwa iwo sanasankhe tsokali. Koma ndikupempha mafumu athu, makhonsolo a Nsanje ndi Chikwawa, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, kuti posamutsa anthu awapatse minda yokwanira, mjigo, sukulu ndi mbande za mitengo nyengo ya dzinja isanafike.