Mutu wa mbali imodzi, eti "sayinasi"

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Woodlands. Kawiri kapena katatu pamwezi mutu umandipweteka kumanzere kokha, kuseri kwa diso. Mphuno ya mbali yomweyo imatsekeka, diso limatuluka misozi, nseru ndiye osanena. Ndimadzitsekera kuchipinda, makatani otseka, mpaka m'mawa mwake. Anzanga akuti ndi sayinasi. Amoxicillin ndamwa kangapo, Panado sasowa m'chikwama, mankhwala opopera m'mphuno ndi a tsiku ndi tsiku. Apongozi akuti alipo akunditchera kuntchito. Ndithandizeni.

Wotopa Nazo, Woodlands

Mwana wa achimwene,

Wodwala ndiwe, dokotala ndiwe, wopereka mankhwala ndiwe yemwe! Za udokotala unamaliza liti osatiitana kuphwando? Ndikudziwa, ku Woodlands munthu sadwala mutu wamba ngati ife, amadwala "sayinasi", matenda omveka bwino pafoni. Apongoziwo uwapatse moni, koma mfiti yobwera kawiri pamwezi, mbali yomweyomweyo, n'kumaopanso kuwala kwa pazenera, ine sindinaimvepo.

Zimene wafotokozazi zikufanana kwambiri ndi mutu waching'alang'ala. Mtsempha umene umamva ululu m'mutu ndi womwewo umafika ku diso ndi mphuno, n'chifukwa chake mutuwo ukayamba mphuno imatsekeka, misozi n'kumatsika. Ku America mu 2004 anapima anthu pafupifupi 3,000 odandaula mutu wa sayinasi, ndipo 88 mwa 100 alionse unali waching'alang'ala. Mutu wotere umatha maola 4 mpaka 72. Sayinasi yeniyeni imakonda kubwera pambuyo pa chimfine, ndi mamina olimba achikasu kapena obiriwira, thupi kutentha, fungo osalimva. Ikakhala ya mbali imodzi, dzino lakumwamba lobooka nalonso likayikiridwe. Ulipo mutu winanso wokonda abambo, wolasa m'diso kwa mphindi 15 mpaka maola atatu, munthu osakhazikika. Iwe umakagona, ndiye sindikuuganizira kwenikweni.

Tsono chikwama chakocho. Amoxicillin sachiza ching'alang'ala, wangodyetsa ndalama. Mankhwala otsegula mphuno aja ukapitiriza kudutsa sabata, mphuno imatsekeka kuposa kale n'kumakupempha ena. Panado naye, ukamamwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, amasanduka woyambitsa mutu womwe ukuthawawo. Imwa msanga mutu ukangoyamba, osadutsa mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, ugone pamdima ndi kansalu konyowa pamphumi. Mphuno uzitsuka ndi madzi a mchere owiritsa n'kuzizira, makamaka nyengo ya fumbi ya Ogasiti mpaka Okutobala, pamene aneba akuotcha masamba kuseri kwa mpanda.

Gula kope la ana asukulu, uzilemba tsiku limene mutu wayamba, unagona nthawi yanji, unadya chiyani, unali kumwezi kapena ayi. Ambiri amapeza kuti wolakwa ndi njala ya masana, ludzu la Okutobala, tulo toperewera kapena kavinyo ka Loweruka. Usandiyang'ane choncho, ndinakuona. Kopelo upite nalo ku Chilenje Level One kapena kuchipatala chimene umapitako, ndipo ngati pafunika akatswiri adzakutumiza ku UTH, pafupi pompo. Alipo mankhwala a ching'alang'ala enieni, ndi ena oti mutuwo uzibwera patalipatali. Ngati umaona nyenyezi kapena mizere yothwanima mutu usanayambe, uwauze, makamaka ngati ukumwa mapiritsi olera, chifukwa ena a iwo amawonjezera ngozi ya sitiroko kwa munthu wotere.

Apa nthabwala pambali. Mutu ukabwera mwadzidzidzi ngati wamenyedwa ndi chibonga, khosi likauma thupi likutentha, diso likatupa, dzanja likafooka kapena lilime likalemera, usadikire kuti kuche ndipo usandilembere kalata. Dzutsa bambo a kunyumba, mupite kuchipatala usiku womwewo.

Ndine,
Azakhali ako