Phunziro la Amayi: Kuluka Mphatso za Khirisimasi

Mayi wofuna kulukira mwana wake juzi ya Khirisimasi ayambe wawerenga mizere, kenaka masiku. Ngati pa 1 Disembala yatsala mizere 120, aziluka mizere 6 tsiku lililonse. Pa 20 Disembala adzakhala atatsiriza, ndipo masiku otsalawo adzalumikiza manja a juziyo, kuichapa ndi kuiyanika.

Ulusi agule wokwanira nthawi imodzi, pakuti wogula pambuyo kawirikawiri usiyana mtundu pang'ono. Asayambe china choyambacho chisanathe, chifukwa zoluka zitatu zosatha sizivalika. Popeza Disembala ndi mwezi wopalira, apatule ora limodzi pobwera kumunda, ndipo asaliphonye. Manja akalema, akumbukire nkhope ya mwana amene adzaivale. Paja akulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo.