Nyenyezi Ikaphulika Imawomba Mpweya Umene Inataya

Nyenyezi nazo zimafa. Zazing'ono ngati dzuwa lathu zimazirala pang'onopang'ono, koma zikuluzikulu zimachita kuphulika. Kuphulika kotereku akatswiri a zakuthambo amakutcha supernova.

Nyenyezi yaikulu ikamakalamba imayamba kutaya mpweya wa kunja kwake. Mpweyawo umachoka mosafulumira n'kuunjikana moizungulira. Ndiye zimene zimaipatsa moto mkati zikatha, pakati pake pamagumuka chifukwa cha kulemera, nyenyezi yonse n'kuphulika. Zidutswa zake zimathamanga makilomita masauzande ambiri pa sekondi imodzi, motero zimaupeza mpweya uja panjira n'kuuwomba.

Izi zinaoneka bwino pa nyenyezi imene inaphulika mu mlalang'amba wa Large Magellanic Cloud. Kuwala kwake kunafika padziko pano pa 23 February 1987, kutayenda zaka pafupifupi 168,000. Mmodzi mwa oyamba kuiona anali Ian Shelton, amene ankagwira ntchito ku Chile. Anthu akum'mwera kwa dziko lapansi ankaiona ndi maso okha, popanda makina. Dzina lake ndi SN 1987A.

Zaka pafupifupi 20,000 isanaphulike, nyenyeziyi inataya mpweya umene unapanga mkombero waukulu moizungulira. Mkomberowu unayaka kawiri. Poyamba unawala patangopita miyezi yochepa, kuwala kwa kuphulikako kutaufika, kenaka unayamba kuzirala. Zidutswa zija zinali zikadali panjira, pakuti palibe chimene chimathamanga kuposa kuwala.

Zidutswazo zinafika pamkomberowo patatha zaka pafupifupi 10. Mpweya wa mumkomberowo si wofanana ponseponse. Pena ndi wopyapyala, pena ndi mibulu yothithikana. Mibulu imene inatulukira mkati ndiyo inayamba kuwombedwa. Kadontho kamodzi kanayaka, kenaka ena, mpaka makina oonera kutali a Hubble anajambula mkombero wonse uli ngwee, madonthowo atandandalika ngati mikanda ya m'khosi. Kuwombanako kunatenthetsa mpweya wina kufika madigiri mamiliyoni. Tsopano madonthowo akuzirala chifukwa mibulu ija ikuperepeseka.

Phindu la kuonetsetsa zimenezi n'lalikulu. Palibe munthu amene analipo kuti alembe zimene nyenyeziyi inkachita zaka 20,000 isanafe. Koma mpweya ukawombedwa n'kuwala, akatswiri amatha kuyeza kuchuluka kwake, kutalika kwake ndi zimene zili mkati mwake. Potero amadziwa nthawi imene unatayidwa ndiponso mmene nyenyeziyo inalili masiku ake otsiriza.

SN 1987A sionekanso ndi maso okha, koma mlalang'amba wake umaoneka kuno kwathu. Usiku wopanda mwezi ndi mitambo, m'December kapena January, tulukani panja kutali ndi magetsi muyang'ane kum'mwera. Mudzaona timitambo tiwiri totuwa. Kakakuluko ndiko Large Magellanic Cloud.