Kuyeza Ntchito ya Protease ndi Kuwala

Kwathu ku Changata, m'boma la Thyolo, amayi ambiri amadziwa kuti nyama yolimba imafewa ikagona itakulungidwa m'masamba a papaya. Amadziwanso kuti mwana akadya chinanazi chambiri lilime limamuyabwa. Ziwirizi gwero lake ndi limodzi: m'papaya ndi m'chinanazi muli ma enzyme otchedwa protease. M'phunziro lino, abale anzanga, ndikufuna tione m'mene akatswiri amayezera ntchito ya ma enzyme amenewa pogwiritsa ntchito kuwala, ndi chifukwa chake kuyezako kukukhudza miyoyo ya anthu a kwathu.

Enzyme ndi puloteni yomwe imafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la chamoyo, koma iyoyo sitherapo. Puloteni iliyonse tingaiyerekeze ndi chingwe chachitali cha mikanda, ndipo mkanda uliwonse ndi amino asidi. Protease ndiye lumo lodula chingwecho. Ya m'papaya dzina lake ndi papain, ya m'chinanazi ndi bromelain, ndipo m'mimba mwathu muli pepsin, yomwe Theodor Schwann anaipeza m'chaka cha 1836. Ngakhale m'tiyi zilimo. Masamba akamafota m'fakitale, ma protease amadula mapuloteni a m'tsambamo, ma amino asidi n'kuchuluka, ndipo zimenezi zimathandiza pa fungo la tiyi. Koma kufiira kwa masambawo ndi ntchito ya enzyme ina, polyphenol oxidase.

Vuto ndi lakuti lumo limeneli silioneka ndi maso. Nanga tingadziwe bwanji kuti likugwira ntchito molimbika kapena mwaulesi? Yankho ndimaliona pa esiteti. Kapitawo sayeza mphamvu za m'manja mwa wothyola tiyi ayi. Amaika dengu pa sikelo n'kulemba makilogalamu amene munthuyo wathyola pa tsiku. M'labotale n'chimodzimodzi: timawerenga kuchuluka kwa zingwe zomwe enzyme yadula pa mphindi imodzi. Sikelo yake ndi kuwala.

Pali zinthu zina zomwe zikalandira kuwala kwa mtundu wina zimabweza kuwala kwa mtundu winanso. Khalidwe limeneli limatchedwa fluorescence, dzina lomwe George Gabriel Stokes wa ku Cambridge analipereka m'chaka cha 1852. Mwa zinthu zomwe iye anayesa panali kwinini, mankhwala a malungo aja. Kwinini wosungunulidwa m'madzi a asidi saoneka mtundu, koma akawalitsidwa ndi kuwala kwa ultraviolet amawala mobiriwira ngati kumwamba. Nayo chlorophyll, yomwe imapatsa tsamba la tiyi mtundu wake, ikasungunulidwa mu sipiriti n'kuwalitsidwa imabweza kuwala kofiira.

Tsono akatswiri amapanga kachingwe kakafupi ka ma amino asidi kamene protease imakonda kudula. Ku nsonga ina amamangirirako kanthu kowala, ku nsonga inayo kanthu komeza kuwalako. Ziwirizi zikakhala moyandikana, kuwala sikutuluka, monga nyali yovundikiridwa ndi mphika. Protease ikangodula kachingweko, ziwirizo zimatalikirana ndipo kuwala kumatuluka. Zingwe zodulidwa zikamachuluka, kuwalanso kumanka nikukula. Makina otchedwa fluorimeter amawerenga kuwalako n'kupereka nambala.

Kuti kuyeza kukhale koona, pali malamulo anayi. Loyamba, pakhale botolo lina lokhala ndi zonse kupatula enzyme. Kuwala kwa m'botolo limeneli kumachotsedwa pa nambala za mabotolo enawo, chifukwa sikunachokere ku ntchito ya lumo. Lachiwiri, kutentha kusasinthe; ma enzyme a m'thupi la munthu kawirikawiri amayezedwa pa madigiri 37. Lachitatu, madziwo akhale ndi asidi woyenera enzymeyo: pepsin imagwira bwino ntchito pa pH pafupifupi 2, pamene trypsin ya m'matumbo imafuna pH pafupifupi 8. Lachinayi, nambala ziwerengedwe mphindi iliyonse, makamaka poyambirira zingwe zisanachepe. Tiyerekeze kuti m'botolo lina kuwala kwakwera kuchoka pa 10 kufika pa 60 m'mphindi zisanu. Ndiye kuti liwiro lake ndi 10 pa mphindi. Tikathiramo mankhwala ena liwiro n'kutsika kufika pa 1, tadziwa kuti mankhwalawo abunthitsa lumo lija.

Apa mpomwe pagona nkhani. Kachilombo ka HIV nakonso kali ndi protease yakeyake. Kakalowa m'selo la munthu, kamapangitsa seloyo kulumikiza chingwe chachitali cha mapuloteni, ndipo chingwecho chiyenera kudulidwa m'zidutswa kuti tizilombo tatsopano tikhwime. Lumo likapanda kudula, tizilomboto timatuluka tosakhwima, tosatha kulowa m'selo lina. M'chaka cha 1990, Edmund Matayoshi ndi anzake a ku kampani ya Abbott ku America anafalitsa m'magazini ya Science njira yoyezera protease ya HIV ndi kachingwe kowala ngati kamene ndafotokozaka. Kanthu kowala kanali EDANS, komeza kuwala kanali DABCYL. Ndi njira zotere, ofufuza anatha kuyesa mankhwala ambiri m'kanthawi kochepa, n'kusankha okhawo oletsa kuwala kukwera. Mankhwala oyamba a gulu loletsa protease, saquinavir wa kampani ya Roche, analoledwa ku America m'chaka cha 1995. Kenaka kunabwera ritonavir mu 1996, ndi lopinavir wosakaniza ndi ritonavir mu 2000, onsewa a ku Abbott.

Thyolo ndi limodzi mwa maboma omwe Edzi inasautsa koopsa. M'chaka cha 2003 bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo linayamba kupereka ma ARV m'bomali, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka mwaulere m'dziko lonse. Mankhwala oyambira sanali a gulu loletsa protease. Koma kwa odwala amene mankhwala oyambawo analeka kuwathandiza, lopinavir, ndipo pambuyo pake atazanavir, ndiwo anali pothawira. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri anasinthidwira ku dolutegravir, yemwe amaletsa enzyme ina ya kachilomboka yotchedwa integrase. Motero makolo ambiri a kwathu akulera okha ana awo lero chifukwa wina anakhala pansi n'kuyeza mosamala ntchito ya chinthu chosaoneka.

Ngakhale popanda fluorimeter, mfundo yake tingaiyese tokha. Sungunulani ufa wa jelly m'madzi otentha, udikireni uzizireko, ndipo muugawe m'makapu atatu. M'kapu yoyamba musaikemo kanthu. M'yachiwiri ikani tizidutswa ta chinanazi chachiwisi, m'yachitatu ta chinanazi chowiritsa. Ikani onse pamalo ozizira. Yoyamba ndi yachitatu zidzalimba, koma yachiwiri idzakhalabe madzi, popeza bromelain yadula puloteni ya jelly. Mukatero, yankhani mafunso awiri awa m'kope lanu: kodi moto unaichita chiyani enzyme ija, ndipo kapu yoyamba ija tinaiikiranji?