Uzimba wa M'kalasi

Anzanga, ambiri a ife timayesa kuti kudziwa kuwerenga ndiko kuchula mau bwino popanda kudodoma. Nanga n'cifukwa ninji munthu amawerenga tsamba lathunthu la buku la mbiri yakale, koma potseka bukulo osakumbuka kanthu? Mayeso akayandikira amacezera kuloweza mzere ndi mzere, ndipo funso likangotembenuzidwa pang'ono, zonse zija zabalalika. Cimene cimasowa ndi ici: sitiyang'ana m'mene mlembi waimangira nkhani yace.

Nkhani iri yonse yolembedwa bwino iri ndi mamangidwe ace, monga nyumba iri ndi nsanamira zogwira denga. Mai wina wophunzira wa ku America, dzina lace Bonnie Meyer, analemba buku lonena za zimenezi m'caka ca 1975. M'caka ca 1980 iye ndi anzace awiri anayesa ana a sukulu a kwao komweko, napeza kuti amene anatsata mamangidwe a mlembi pobwereza zimene anawerenga anakumbuka zambiri koposa anzao. M'mabuku athu a sukulu mamangidwe opezeka kawirikawiri ndi asanu, ndipo ali onse ali ndi mau ace owazindikiritsa.

1. Kulongosola. Mlembi amatenga cinthu cimodzi ndi kutiuza m'mene ciriri. Akamanena za phiri la Mulanje, adzachula nsonga yace ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, mitengo ya mkungudza, ndi minda ya tiyi m'munsi mwace. Mau ace ndi awa: monga, mwacitsanzo, ndiponso.

2. Kutsatana kwa zocitika. David Livingstone anafika ku Nyanja ya Malawi mu 1859. Angerezi anayamba kulamulira dzikoli mu 1891. Ufulu unabwera mu 1964. Pano mudzapeza zaka, ndi mau akuti poyamba, kenaka, pambuyo pace, potsiriza.

3. Cifukwa ndi zotsatira zace. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokolola nthaka, motero zokolola zimacepa ndipo mitsinje imadzala mcenga. Mau ace: cifukwa, cotero, motero.

4. Kufanizira. Madzi a m'Nyanja ya Malawi amaturukira mu Shire napita ku Zambezi, pamene Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje woturukamo. Madzi ace ndi amcere, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mau ace: koma, pamene, cimodzimodzi, mosiyana ndi.

5. Bvuto ndi njira yolithetsera. Mlembi amayamba ndi malungo amene udzudzu umafalitsa, kenaka natiuza za kugona m'masikito ndi kukwirira zithaphwi. Mau ace: bvuto, njira, pofuna kuti.

Tsono kuloweza maina asanuwa sikupindula kanthu. Cofunika ndi kuzolowera kuwazindikira m'nkhani imene sitinaionepo, ndipo apa ndi pamene masewera atithandiza. Ku America kuli masewera amene iwo amati scavenger hunt: anthu amapatsidwa mndandanda wa zinthu zoti akafune, ndipo gulu loyamba kupeza zonse ndilo lapambana. Aphunzitsi a kuwerenga anawatengera m'kalasi. Ife tiwapatse dzina lakuti uzimba, pakuti mlenje amazindikira nyama poona mapazi ace, ndipo mau tachula aja ndiwo mapazi a nkhani.

Kacitidwe kace ndi kotere. Dzulo lace aphunzitsi, kapena ophunzira awiri osankhidwa, akonzeretu timapepala 15, ka ndime imodzi kamodzi. Ndimezo akopere m'mabuku a mbiri, a zaulimi ndi a sayansi, kapena adule m'nyuzipepala zakale. Asang'ambe buku la sukulu ai. Pa mamangidwe ali onse pakhale ndime zitatu. Timapepalato alembe manambala, ndipo atimate pa zipupa, pa citseko, pa mazenera ndi kunsi kwa madesiki.

M'mawa kalasi ligawidwe m'magulu a anthu anai kapena asanu. Gulu liri lonse lijambule mizere m'kope, kugawa tsamba panai: nambala ya ndime, mamangidwe ace, mau amene asonyeza, ndi mfundo yaikuru ya ndimeyo m'ciganizo cimodzi. Belu likalira, magulu auyambe uzimba kwa mphindi 20. Malamulo ndi atatu: osacotsa pepala pamene liri, osathamanga, ndipo osalemba yankho gulu lonse lisanabvomerezane. Lamulo lacitatuli lisapeputsidwe, cifukwa popanda ilo mmodzi wocenjera amagwira nchito yonse, enawo nangomtsata pambuyo ngati onyamula nyama.

Pakugawa malikisi, dzina la mamangidwe lilandire 1, koma umboni ndi mfundo yaikuru zilandire 2. Tikatero palibe amene adzapambana ndi kulota cabe.

Koma cenjerani, anzanga, mapazi amasoceretsa. Mau akuti "koma" amapezeka pafupifupi m'ndime iri yonse, ngakhale imene sifanizira kanthu. Ndiponso taonani ndime iyi: "Mu 1949 mvula inabvuta m'dziko muno, cotero cimanga cinauma m'minda, ndipo kunagwa njala yaikuru, makamaka m'cigawo ca kum'mwera." Wofulumira adzaona caka nanena kuti ndi kutsatana kwa zocitika. Wodekha adzafunsa kuti, kodi mlembi afuna kundiuza ciani makamaka? Afuna kutiuza cimene cinadzetsa njala. Cotero ndimeyi ndi ya cifukwa ndi zotsatira. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kuti mwa ndime 15 zija mukhale ziwiri kapena zitatu zotere, zonyenga dala.

Cifukwa ca ici, mphindi zotsiriza ndizo zoposa zonse. Onse akakhala pansi, aphunzitsi asafulumire kupereka mayankho. Pamene magulu awiri asiyana maganizo, gulu liri lonse liime ndi kuwerenga mau amene ladalira, ndipo kalasi liweruze. Nthawi zina onse awiri amakhala ndi mbali ya coonadi, pakuti ndime yonena za bvuto kawirikawiri imayamba ndi cifukwa cace. Kukangana kwa mtundu umenewu ndiko kuphunzira kwenikweni, ndipo munthu wamanyazi amene sakweza dzanja masiku onse amapezeka alikulankhula poteteza gulu lace.

Phindu lace lidzaoneka pa mayeso. Wodziwa kuti ndime irikufanizira zinthu ziwiri amadziwiratu kuti pofupikitsa ayenera kuchula mbali zonse ziwiri. Wodziwa kuti ndime yayamba ndi bvuto amayembekezera njira yolithetsera, ndipo saleka kuwerenga asanaipeze. Polemba cimangirizo, amayamba wasankha mamangidwe asanagwire colembera, motero maganizo ace sasokonezeka.

Aphunzitsi athu, tikupemphani mutilole kuyesa uzimba umenewu kamodzi pa teremu, m'Cicewa ndi m'Cingerezi momwe. Sufuna ndalama, koma mapepala ndi phala lomatira basi. Ndipo inu anzanga, musadikire tsikulo. Madzulo ano potsegula buku, musanayambe kuloweza, yambani mwafunsa kuti, kodi ndime iyi yamangidwa bwanji?